KUKONZA MUDZI KOSAPITIKITSA ZAMOYO ZA M'THENGO

Caka ndi caka, mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, midzi yozungulira Mkaika imakhala pa kalikiliki. Loweruka lotsiriza la mwezi umenewu ndilo tsiku la Kulamba, pamene Acewa a m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Alendo amacuruka, ndipo palibe mudzi wofuna kuoneka waubve pamaso pao. Amai amazira nyumba ndi kusesa mabwalo, abambo amalambula njira, ndipo anyamata amapala udzu m'mbali mwa makola. Nchito imeneyi njabwino ndi yoyamikika.

Koma pa kukonza kotere pamabuka funso limene limabvutitsa midzi yambiri ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, ngakhale pa miyezi yopanda mwambo. Malo a pakati pa nyumba, a kuseri kwa makola, a m'mbali mwa njira ya ku citsime ndi a kumunsi ku dambo sali a munthu mmodzi ai. Ndi a mudzi wonse. Kodi malo amenewa ayenera kupalidwa onse kuti mbee, kapena payenera kutsala pena pamene mitengo, zitsamba ndi tinyama ta m'thengo zingakhale? Yankho lace ndi lakuti mudzi ungathe kukhala waukhondo ndi wokongola popanda kusanduka cipululu, ngati eni mudzi apangana bwino za kagawidwe ka malo ao.

MBALI ZIWIRI ZA MLANDU

Anthu ofuna kulambula ponse-ponse ali ndi zifukwa zao, ndipo si zifukwa zacabe. Chire likafika pa khonde, mphiri imabisala m'masamba ouma pomwe ana amasewera. Likongwe ndi bvumbwe amapeza pobisalira akafuna nkhuku. Moto wa m'cirimwe umayenda ndi udzu kufikira pa nkhokwe ndi pa tsindwi la nyumba. Ndiponso mudzi wa chire umanyozeka, anthu odutsa namati eni ace ndi aulesi.

Okana kudula nao ali ndi mau ao. Kumene mitengo inatha, amai amayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni. Mphepo ya mkuntho yodza ndi mvula yoyamba imasasula madenga, popeza palibe coichinga. Madzi othamanga pa nthaka yoyera amakumba zigwembe pakati pa nyumba, nafukula maziko. Masuku, maula, bowa ndi mphalabungu, zimene ana ankatola kuseri kwa mudzi, zimasanduka zogula ndi ndalama pa msika.

Mlandu wotere sutha mwa kupambana kwa mbali imodzi, pakuti mbali zonse ziwiri zikunena zoona. Colakwika ndi kuyesa kuti malo onse a mudzi ayenera kusamalidwa mofanana. Pali malo oyenera tsace ndi khasu tsiku ndi tsiku, pali malo ofuna kudulira nthambi kamodzi pa caka, ndipo pali malo amene nkhwangwa siyenera kufikako mwa cisawawa.

ANCHITO OSALANDIRA MALIPIRO

Asanagawe malo, eni mudzi ayenera kudziwa cimene tinyama ta m'thengo timawacitira, pakuti munthu sasunga cinthu cimene sadziwa phindu lace.

Woyamba ndi kadzidzi. Anthu ambiri amamuopa, namati kulira kwace pa denga kumaitana maliro, ndipo anyamata amamgenda akamuona masana. Koma cimene cimamkokera ku mudzi ndi makoswe ndi mbewa zozungulira nkhokwe. Mbewa ya mtundu wa kapuku imabala ana 10 kapena kuposa pa nthawi imodzi, ndipo imabala kangapo pa caka. Kadzidzi amasaka usiku uli wonse, ndipo akakhala ndi ana amasaka koposa. Munthu wodula mtengo wa mphako umene kadzidzi amagonamo wapitikitsa mlonda wa nkhokwe yace.

Zaciwiri ndi njuci. Dzungu liri ndi maluwa acimuna ndi maluwa acikazi pa mmera umodzi. Ufa wacikasu wa m'duwa lacimuna ukapanda kufika m'duwa lacikazi, kadzungu kamafota ndi kugwa kakali kakang'ono. Onyamula ufawo ndi njuci. Mpendadzuwa nayenso amadzaza bwino mbeu pamene njuci zacuruka. Koma mbeu za m'munda zimacita maluwa miyezi yowerengeka yokha. Miyezi yotsalayo njuci zimakhalira maluwa a mombo, mtondo, mango ndi zitsamba za m'thengo. Zimenezi zikatha, njuci zimasamuka, ndipo mlimi amadabwa kuti maungu ace sakubala.

Zacitatu ndi mbalame, mileme, acule ndi abuluzi. Namzeze ndi nthengu zimagwira tizirombo touluka. Kakowa amatsata ng'ombe natola ziwala zodzidzimuka ndi mapazi ao. Nkhanga ndi nkhwali zimapalasa mbozi ndi ciswe. Mileme ing'ono-ing'ono imadya agulugufe a usiku amene mazira ao amaswa mbozi. Ngakhale mbozi zoononga cimanga zimene zinalowa m'Zambia kumapeto kwa caka ca 2016 ziri ndi adani ao, ndiwo nyerere, mabvu ndi mbalame. Adani amenewa sangathe mbozi zonse, koma amazicepetsa, ndipo amafuna mitengo ndi zitsamba zokhalamo kufupi ndi minda.

Kuli dziko limene linayesa kucotsa anchito otere, ndipo linaona zowawa. M'caka ca 1958 Boma la China linalamula anthu kupha mpheta cifukwa zinkadya mpunga ndi tirigu. Mpheta zosawerengeka zinaphedwa, koma dzombe ndi tizirombo tina timene mphetazo zinkadya tinacuruka koopsa m'minda, ndipo m'caka ca 1960 lamulolo linacotsedwa. Mbeu zimene mbalame imadya zimaoneka ndi maso, koma mbozi zimene imacotsa palibe amaziwerenga.

PHUNZIRO LA KU MANDA

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Katete kunka ku Sinda amaona cinthu cimodzi kawiri-kawiri: pakati pa minda yoyera pamaima kankhalango kowirira ka mitengo yaitali. Nthawi zambiri pamenepo ndi pa manda. Palibe mpanda wa waya ndipo palibe mlonda wolipidwa, koma mitengo iripo, cifukwa mwambo wa Acewa sulola munthu kulowamo ndi nkhwangwa mwa iye yekha. Za m'kati mwa msitu ndi za eni mwambo ndi za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la cuma ca miyambo ya anthu onse m'caka ca 2005. Phunziro la mlimi limaoneka ali kunja, ndipo ndi ili: lamulo limene mudzi wonse walibvomereza limasunga mitengo koposa waya.

M'misitu yotere ndimo mwatsala mitengo yaikuru ya makolo yobala mbeu, ndimonso mbalame zimamanga zisa mosaopa. Koma msitu wa manda ndi waung'ono, ndipo umaima wokha ngati cilumba pakati pa minda. Ndiponso ku manda sikotola nkhuni kapena kupacika ming'oma. Cifukwa cace mudzi ufunika malo ena a mitengo amene anthu angapindule nao, osungidwa ndi pangano lolimba monga lomwelo.

MALO OYAMBA: BWALO LA NYUMBA

Kagawidwe kabwino ndi kogawa malo a mudzi patatu. Malo oyamba ndi bwalo lozungulira nyumba, nkhokwe ndi makola, kufikira mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Pamenepa ndi pa tsace. Udzu wautali, milu ya njerwa zosweka, mapesi ndi nkhuni zotsamira ku cipupa ziyenera kucotsedwa, pakuti m'menemo ndimo mumabisala makoswe, ndipo njoka imatsata makoswe. Nkhuni ziunjikidwe pa thandala, patali pang'ono ndi khomo. Nkhokwe ikhale pa miyendo yaitali, pansi pace poyera, ndipo mwendo uli wonse ubvekedwe cibale ca lata cozondoka kuti khoswe alephere kukwera. Khola la nkhuku likhale lokwezeka ndi lotsekeka usiku. Likatero likongwe amabwerera wopanda kanthu.

Ukhondo weni-weni wa pa bwalo ndiwo cimbudzi cokhala ndi cobvundikira, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi khola la nkhumba. Nkhumba yoyenda-yenda ikadya zonyansa za anthu imagwidwa masese. Wodya nyama yotere yosapsa amadwala njoka za m'mimba, ndipo mazira a njokazo angadzetse khunyu pa mudzi. Zimenezi ndizo zodwalitsa. Mtengo wa mthunzi sudwalitsa munthu.

Cotero bwalo loyera lisakhale lopanda mitengo. Mango, malalanje, mandimu, magwafa ndi mapapaya ndi oyenera pamenepa. Dzenje lobzalamo likhale la masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya kwace, ndipo dothi la pamwamba lisakanizidwe ndi manyowa oola bwino. Mitengo yokula kwambiri, monga mango, ibzalidwe mamita 10 kucokera ku cipupa, kuti mizu isang'ambe nyumba ndi kuti nthambi zisakhudze tsindwi. Nthambi za m'munsi zidulidwe kuti pansi pazioneka poyera.

Pali cinthu cina cimene ambiri saciganizira. Kusesa kwa tsiku ndi tsiku kumacotsa dothi pang'ono-pang'ono, ndipo patapita zaka bwalo limatsika, maziko a nyumba ndi mizu ya mitengo nkutsala pamtunda. Mankhwala ace ndi kubzala kapinga pamene madzi a pa denga amagwera ndi pamene madzi a mvula amadutsa, ndi kumamudula kuti akhale wamfupi. Masamba osesedwa asatenthedwe. Atayidwe m'dzenje la manyowa, abwerere ku munda.

MALO ACIWIRI: LAMBA WA MITENGO

Malo aciwiri ndi a pakati pa mabanja, a m'mbali mwa njira ndi a m'mphepete mwa mudzi. Amenewa ndiwo amautsa mikangano, popeza ali yense amawagwiritsa nchito koma palibe amawayesa ace. Pamenepa pakhale pokonzeka koma posayera. Njira zilambulidwe motakata kuti woyenda aziona popondapo, koma kuseri kwa njirayo mitengo ndi zitsamba zitsale mondondozana, ngati lamba womanga mudzi. Lamba ameneyu akalumikizana ndi msitu wa manda, ndi phiri ndi dambo, mbalame ndi njuci zimayenda m'menemo monga anthu amayendera m'njira.

Mitengo yoyamba kusungidwa ndi ya zipatso za m'thengo: msuku, muula, mteme, mpoza ndi bwemba. Masuku amapsa pa nthawi imene nkhokwe zambiri ziri pafupi kutha, ndipo amathandiza ana kufikira zakumunda zitaca. Kacere ndi mkuyu zimapatsa mthunzi wa pa bwalo la milandu, ndipo nkhuyu zace zimadyetsa mbalame ndi mileme imene imamwaza mbeu za mitengo kutali.

Sikuti mitengo yonse ifunika kucita kubzala. Zitsa za mombo, mtondo ndi msolo zimaphukanso ngati moto ndi mbuzi zizileka. Pa citsa ciri conse pasankhidwe mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zotsalazo zidulidwe. Mphukira zotere zimakula msanga koposa mbande, cifukwa mizu yace njakale ndi yozama. Alimi a dziko louma la Niger, kumadzulo kwa Africa, anayamba kulera zitsa motere m'zaka za m'ma 1980, ndipo anabwezera mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Pofuna nkhuni za msanga ndi masamba a manyowa, mtengo wa gliricidia ndi wothandiza. Akatswiri a pa Msekera, kufupi ndi Chipata, akhala akuyesa mitengo yobwezera conde m'nthaka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo gliricidia ndi umodzi wa mitengoyo. Kumene mudzi wacita malire ndi minda, msangu ndiwo woyenera. Mtengo umenewu umayoyola masamba m'dzinja nuphukanso m'cirimwe, motero suphimba cimanga. Ubzalidwe motalikirana mamita 10, ndiyo mitengo 100 pa hekitala imodzi. Pa malo otsetsereka, mizere ya udzu wa vetiva yopingasa imagwira dothi.

Pali zomera zitatu zofunika kucenjera nazo. Lantana ali ndi maluwa okongola ndipo ena amamubzala ngati mpanda, koma amafalikira msanga, amapha zomera zina, ndipo masamba ace ndi ululu kwa ng'ombe. Azulidwe ndi mizu yomwe. Bulugama amamwa madzi ambiri, cotero asabzalidwe kufupi ndi citsime kapena m'dambo. Nkhadze ndi mpanda wolimba, koma utomoni wace umaononga maso, ndipo siyenera kukhala pamene ana amasewera.

MALO ACITATU: NKHALANGO YA MUDZI NDI DAMBO

Malo acitatu ndi osiyidwa monga analengedwera. Mudzi sutaya munda wabwino powapatula, pakuti oyenera ndi malo a miyala, a m'tsinde mwa mapiri monga a Mphangwe, a pa zulu zazikuru ndi a m'mphepete mwa mitsinje. Kumeneku udzu, zitsamba ndi masamba ogwa zikhale momwemo. Mitengo ingapo youma ya mphako itsale ciriri, cifukwa ndiyo nyumba za akadzidzi, mileme ndi njuci.

Nkhalango yotere imalipira eni ace. Bowa wambiri wa m'dzinja amakhalira limodzi ndi mizu ya mombo, mtondo ndi msuku, ndipo mitengoyo ikadulidwa bowayo samereranso. Matondo ndi mphalabungu zimadya masamba a mitengo yomweyo. Otola azigwedeza nthambi, asagwetse mtengo cifukwa ca ndiwo za tsiku limodzi. Ming'oma ya njuci ipacikidwe kumeneku, kutali ndi nyumba, njira ndi makola. Ming'oma ya matabwa ndiyo yabwino, pakuti kusenda khungwa lonse kuti upange mng'oma kumapha mtengo. Uci uli ndi msika: bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, limagula uci ndi mbeu kwa alimi a m'cigawo ca Kum'mawa amene amasunga nkhalango ndi kuleka misampha.

Ku dambo, madimba asafike pa gombe leni-leni la mtsinje. Patsale mzere wa bango, nsenjere, katope ndi mkuyu wogwira gombe. Mzere umenewu umasefa matope, umacedwetsa madzi kuti alowe pansi, ndipo zitsime za m'madimba zimacedwa kuphwa. Ng'ombe zikhale ndi pomwera pamodzi podziwika, kuti zisagumule gombe lonse.

MOTO

Mdani wamkuru wa malo aciwiri ndi acitatu ndi moto wa mocedwa. Zimenezi zinayesedwa m'dziko lino lomwe. M'caka ca 1933 akatswiri a za nkhalango anapatula tizigawo ta nkhalango ya mombo kufupi ndi Ndola. Tina ankatentha caka ndi caka kumayambiriro kwa cirimwe, tina kumapeto kwace, ndipo tina sankatentha konse. Zotsatira zace zinalembedwa ndi C. G. Trapnell m'caka ca 1959. Kumene kunkatenthedwa mocedwa mitengo ya mombo inaonongeka, kunatsala udzu ndi mitengo yowerengeka yopirira moto. Kumene kunkatenthedwa msanga nkhalango inakhalabe.

Cifukwa cace ncodziwika. M'Meyi ndi m'Juni udzu umakhala usanaumitse, moto umayenda pansi-pansi ndipo umazima wokha usiku. M'Seputembala ndi m'Okutobala udzu ndi wouma gwa, mphepo ndi yamphamvu, ndipo mitengo yatulutsa kale masamba atsopano. Moto umapsereza mphukira, zisa, mazira ndi ming'oma.

Motero mudzi ulambule mseu wochinga moto, wa mamita 3 kufikira 5 m'lifupi, kuzungulira nkhalango ndi pakati pa nkhalango ndi nyumba, mwezi wa Meyi usanathe. Ngati kutentha kufunika, kucitike m'Meyi kapena m'Juni, madzulo kopanda mphepo, cigawo-cigawo, amuna ataima ndi nthambi zaziwisi. Mbewa ndi ndiwo zabwino ndipo kuzigwira kumathandiza munda, koma anyamata azikumba ndi kuchera misampha yao popanda kuyatsa chire.

ZA NJOKA, UDZUDZU NDI MANKHWALA

Akuru anati walira mvula walira matope. Mudzi wosunga mitengo udzaona njoka nthawi zina, ndipo nkofunika kunena zoona za zimenezi. Njoka zambiri zimathawa munthu, ndipo zina zopanda ululu zimadya makoswe. Koma mphiri sithawa, imangogona m'njira, ndipo mamba ndi woopsa. Cochinjiriza ndi bwalo loyera, njira zotakata, nsapato, ndi nyali poyenda usiku. Munthu akalumidwa, bala lisatemedwe, lisayamwidwe, ndipo mwendo usamangidwe kolimba ndi cingwe. Wolumidwayo asayende yekha. Anyamulidwe msanga kunka ku cipatala ca pafupi, kapena ku cipatala ca St Francis ku Katete. Njoka ikalabvulira m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Udzudzu wa malungo subadwira m'mitengo. Umaikira mazira m'madzi oima, ndipo pa nyengo yotentha umakula kucokera ku dzira masabata awiri asanathe. Cotero nchito yoyamba ndi kukwirira maenje oumbira njerwa ndi zithaphwi za pafupi ndi nyumba, ndi kugona m'masikito. Kugwetsa mango cifukwa ca malungo ndi kutaya zipatso pacabe.

Mankhwala nao afunika nzeru. Khoswe wodya ciphe samafa nthawi yomweyo. Amayenda mofooka, kadzidzi kapena mphaka namdya, naye nkufa. Misampha ndi yabwino koposa. Opopera thonje apopere madzulo njuci zitabwerera, ndipo asatsukire mipope yao mu mtsinje kapena pa citsime. Nyama zazikuru zikabvuta m'minda, nkhani ipite kwa nyakwawa ndi kwa a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, pakuti lamulo la nyama za m'thengo la caka ca 2015 limaletsa kusaka nyama zochinjirizidwa popanda cilolezo.

PANGANO LA MUDZI

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi lingasunge mitengo zaka 10, mnansi mmodzi nkuitentha tsiku limodzi. Cifukwa cace kagawidwe aka kayenera kukambidwa pa bwalo, pamaso pa nyakwawa, ndipo amai akhalepo ndi kulankhula, popeza iwo ndiwo amasesa, amatola nkhuni ndi bowa, ndi kutunga madzi. Abusa a ng'ombe ndi anyamata osaka mbewa aitanidwenso, pakuti lamulo lopangidwa iwo kulibe ndi iwo omwe adzaliswa. Zoyenera kupangana ndi izi:

1. Malire a malo atatu aja ayendedwe ndi anthu onse, ndipo aikidwe zizindikiro za miyala kapena za mitengo yodziwika.

2. Banja liri lonse lisamale bwalo lace ndi cigawo ca njira coyang'anana nalo.

3. Mtengo wauwisi wa pa malo a onse usadulidwe popanda cilolezo ca nyakwawa, ndipo wololedwa kudula alere zitsa kapena abzale mbande m'malo mwace.

4. M'nkhalango ya mudzi mutoledwe nkhuni zouma zokha. Makala, nkhuni zoochera njerwa ndi zowambira fodya zisacokere m'menemo.

5. Mbuzi ndi nkhumba zikhale m'khola kapena pa cingwe, ndipo mbande iri yonse ichingidwe ndi minga kapena timitengo.

6. Tsiku lolambula mseu wa moto lidziwike, ndipo cilango ca woyatsa moto wolusa cinenedwe poyera mlandu usanacitike.

7. Banja limene nyumba yace yayandikana ndi mitengo, ndipo liopa njoka kapena nthambi yogwa, limvedwe, ndipo mudzi ulithandize kudulira ndi kulambula.

Midzi imene iri ndi nkhalango yokulirapo ingathe kupita patsogolo. Lamulo la nkhalango la caka ca 2015, pamodzi ndi malamulo ace a 2018, limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu losamala nkhalango yao, ndi cibvomerezo ca mfumu yao. Gululo likazindikiridwa ndi Boma limapangana ndi a Dipatimenti ya Nkhalango, ndipo limakhala ndi mphamvu yochinjiriza nkhalangoyo ndi kupindula nayo. Ofuna kudziwa njira yace afunse ku ofesi ya nkhalango ya m'boma lao.

NCHITO ZA NYENGO NDI NYENGO

M'Epulo ndi m'Meyi, pamene anthu akumweta udzu wofolera, ndiyo nthawi yolambula mseu wa moto. M'Juni ndi m'Julayi zitsa zipatuliridwe mphukira, ndipo nthambi zodulidwa zikhale nkhuni. M'Ogasiti mabwalo ndi njira zikonzedwe kaamba ka alendo a Kulamba, koma zikwanje zilekeze pa malire opanganidwa. M'Seputembala ndi m'Okutobala mbeu za mitengo zitoledwe ndi kufesedwa m'timatumba pa mthunzi, maenje akumbidwe, ndipo mudzi wonse ukhale maso pa moto. Mvula ikakhazikika m'Disembala, mbande ziokedwe. Tsiku la 15 Disembala ndilo loyamba nyengo yobzala mitengo m'Zambia.

Mudzi wotsata dongosolo limeneli sudzaona kusintha pa caka cimodzi. Papaya amabala msanga, mango amafuna zaka zingapo, ndipo msuku ndi mombo ndi za ana amene lero ali ku msana. Koma mseu wa moto ndi pangano la pa bwalo sizifuna ndalama, ndipo zingayambike caka cino. Nyakwawa amene afuna thandizo poyeza malire kapena posankha mbande aitane mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace mvula isanagwe.